Electrical, civil kapena mining? Yankho kwa mtsikana wa ku Limbuli

Funso ili lachokera kwa mtsikana wina wa ku Limbuli, ndangolifupikitsa pang'ono: "Ndakhoza MSCE ndi mapointi 13, Masamu 2, Physics 2, Chemistry 4. Ndikufuna uinjiniya koma mutu wazungulira. Amalume amene amandilipirira fizi akuti ndilembe civil chifukwa boma silisiya kumanga misewu, anzanga akuti ndalama panopa zili ku mining, pomwe ine chimene chimandisangalatsa ndi kukonzakonza masola ndi mawailesi a anthu m'mudzi muno. Ena akuti zamagetsi ndi za amuna. Nditani?"

Chemwali wanga, choyamba ndikuwombere m'manja, mapointi 13 satola panjira. Ndizikutchula kuti iwe, usaone ngati mwano, ndiwe msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ine ndinaphunzira mechanical ndipo zaka zanga zambiri ndathera mu fakitale ya tiyi konkuno, moti ana a ku yunivesite obwera pa atachimenti amene adutsa m'manja mwanga ndi ochuluka ndithu. Ena amafika maso ali mwee, funso pamwamba pa funso, kuweruka mpaka uchite kuwathamangitsa, pomwe ena tsiku lachitatu lomwe umaoneratu kuti munthuyu akungowerenga masiku kuti adzipita. Onsewo anzeru, onsewo anakhoza bwino Fomu 4 ngati iweyo. Anasiyana posankha basi.

Ana ambiri amasankha dzina la kosi. Likamveka lolemera pakamwa, loti mayi akalitchula ku tchalitchi anthu atembenuke, basi walemba. Chikomekome cha mkuyu chemwali, mkati muli nyerere. Dzinalo umalitchula kamodzi pa intaviyu, koma chimene udzadzuke nacho m'mawa uliwonse kwa zaka 30 ndi ntchito yakeyo, fumbi lake, phokoso lake, malo amene izidzakugoneka, ndi mavuto amene azidzakuimbira foni 2 koloko usiku. Nde mwana akandifunsa funso ngati lakoli ine ndimamubwezera langa: ndi chinthu chanji chimene chikawonongeka sutha kungochidutsa, mpaka uime, usuzumire, usiku ugone ukuchiganizirabe?

Izi ndinazionera bwino nthawi ya Freddy, March 2023 muja. Sindifuna kukumbutsa zambiri, iwenso unali konkuno, tinataya anthu oposa 1,000 dziko lonse ndipo mabanja ena mpaka lero sanaone matupi a abale awo. Madzi ataphwerako ndinayenda wapansi ndi ana atatu a pa atachimenti, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, kukaona pamene mtsinje unadula kamsewu kathu kotulutsira tiyi. Tonse mitima ili pansi, palibe wolankhula. Koma titafika pamalopo mnyamata wina anangotsetsereka kunsi kukaona mmene madzi anadyera dothi kuseri kwa khoma la kalavati, nkumafunsa kuti bwana mapaipi ang'onoang'ono chonchi pa mtsinje wochokera m'phiri la Mulanje anawerengera mvula yanji amenewa. Mnzake kalavatiyo sanaiyang'ane nkomwe, maso ake anali pa mapolo ogwa ndi mawaya ali pansi, akufunsa ngati jenereta yathu ingakwanitse kuyendetsa mafani onse ofotetsera tiyi pamodzi ndi ma dryer. Mtsikana uja anatsatira paipi ya madzi akumwa yochokera kumtunda mpaka anapeza pamene inaduka, funso lake linali loti anthu a m'midzi ya kumunsi akumwa chiyani tsopano kolera ali mkatimu. Malo amodzi, tsoka limodzi, koma aliyense anathamangira pake popanda womutuma.

Iwe wanena kale pako, ukuti masola ndi mawailesi. Koma ndikufinye pang'ono, chifukwa kukonda kukonza zinthu kuli pawiri. Pali munthu amene amasangalala chinthu chikayaka, walumikiza waya, babu yawala, mwini wake wamupatsa ya sopo, nkhani yatha. Ndiye pali wina amene babu ikayaka iye mtima sunakhazikikebe, akufuna adziwe kuti inazima chifukwa chiyani ndipo idzazimanso liti. Tenga chitsanzo cha panyumba iliyonse ku Limbuli konko. Batire ya 12V 100Ah imasunga pafupifupi 1,200 Wh (Wh ndi ma watt kuchulukitsa ndi maola), koma ikakhala ya asidi wamba ija suyenera kuikama kupitirira theka, nde zako zenizeni ndi 600 Wh. TV ya 60W ndi mababu atatu a 5W ndi 75W pamodzi, ukayatsa maola 5 wadya 375 Wh. Panelo ya 100W dzuwa likawala bwino tsiku lonse ikhoza kubweza 400 kapena 500 Wh, zikukwana bwinobwino. Koma ifike June ndi July, chiperoni chikute phiri masiku anayi osaona dzuwa, panelo ija ikungodontheza, banja likuonerabe mpira usiku uliwonse, batire ikukamidwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, pofika September yafa, anthu nkumatukwana wa sitolo kuti anatigulitsa feki. Ngati powerenga zimenezi dzanja lako linayamba kufunafuna cholembera kuti uwerengere sola ya kwanu, ndiwe wa electrical engineering, usavutikenso. Ngati manambalawo akutopetsa koma waya ndi pulayazi ndiye moyo wako, palibe chochititsa manyazi, pali njira ya TEVETA, makoleji ngati Soche ndi Nasawa, ndipo ndikuuze zoona, mu fakitale mwathu ma electrician ena odziwa ntchito ndimawalemekeza kuposa madigiri ena amene ndawaona. Kungoti ndi Masamu 2 ndi Physics 2 ine ndikukhulupirira kuti manambala sakuwopsa.

Ndanena za manambala dala. Digiri ya uinjiniya ku MUBAS, imene akuluakulufe timaitchulabe kuti Poly ngakhale inasintha dzina mu 2021, kaya ku MUST kwathu ku Ndata kuno, ndi zaka 5, ndipo kumayambiriro pafupifupi aliyense amasambira mu dziwe limodzi: calculus, mechanics, kujambula, kakompyuta pang'ono. Amene anabwera poganiza kuti tsiku loyamba amupatsa sipanala amakhumudwa. Electrical ndiye imaonjeza, chifukwa magetsi suwaona. Wa civil khoma amaligwira, ine shafiti ikapindika ndimaiona ndi maso, koma wa electrical chinthu chake amachiona pa pepala ndi pa mita, ayenera kukhulupirira masamu kuposa maso ake. Ndinali ndi mnzanga ku koleji amene analemba kosi chifukwa choti mkulu wake anamuuza kuti ili ndi ndalama, mnyamata wanzeru kundiposa ine, koma mtima kunalibe, sapu (mayeso obwereza) chaka choyamba, sapu chachiwiri, chachitatu anamuchotsa. Si kuti anali wopanda mutu ayi, kungoti usiku umene enafe tinkalimbana ndi funso limodzi mpaka nkhuku kulira chifukwa likutinyerenyetsa, iye analibe chomugwira pampando.

Tsono electrical yakenso ili ndi nthambi, uzidziwe usanalembe fomu. Pali ya magetsi akuluakulu, kupanga, kutumiza ndi kugawa. Awa ndi anthu a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire, a ESCOM ndi mawaya awo a 11 kV, 33 kV mpaka 132 kV ndi 400 kV ya ku Phombeya ija, ndi amene amamanga minda ya sola ngati ya 60 MW ku Salima ndi ya 20 MW ku Golomoti. Ukukumbukira mdima wa 2022? Namondwe Ana anawononga damu la Kapichira mu January chaka chimenecho, pafupifupi 130 MW inachoka pa gridi nthawi imodzi, dziko lonse tinakhala pa kuzimazima chaka chathunthu ndi miyezi. Dziko limene siteshoni imodzi ikagwa aliyense amamva kuwawa ndi dziko limene likufunikabe anthu a magetsi kwa zaka zambiri zikubwerazi, komanso anthu ambiri kumudzi sanalumikizidwebe nkomwe. Ndipo sukusowa kupita kutali kuti uzione. Ku Bondo, pa mtsinje wa Lichenya, a kampani ya MEGA amapanga magetsi a madzi nkumagawa m'midzi pa gridi yawoyawo. Pa Ruo ndi Ndiza pali siteshoni ya pafupifupi 8 MW imene imagulitsa magetsi ku ESCOM. Phiri lathuli, kuchokera pa Sapitwa mamita 3,002 kutsika mpaka m'minda ya tiyi, ndi chuma cha munthu wodziwa kuwerengera: malita 100 pa sekondi akagwa mamita 50 ndi pafupifupi 49 kW pa pepala, ukachotsa zotayika mu paipi, mu tebaini (gudumu limene madzi amalizungulitsa) ndi mu jenereta utsala ndi 30 ndi kanthu, okwana chigayo, chipatala chaching'ono ndi nyumba zambirimbiri.

Nthambi inayo ndi ya tinthu ting'onoting'ono, electronics, telecommunications, zolumikizana ndi kompyuta. Mawailesi ako aja akulozera kumeneku. Ntchito zake zili ku TNM ndi Airtel, ku mabanki, ku nyumba zoulutsira mawu, komanso m'mafakitale, chifukwa makina atsopano onse akubwera ndi ubongo wake, ma PLC (timakompyuta tolamulira makina) ndi ma drive oyendetsa mota, ndipo kabokosi kamodzi kakafa fakitale yonse imaima uku tikudikira munthu achokere ku Blantyre kapena kunja kumene. Mwana wodziwa zimenezi bwino ine ndingamulembe mawa lomwe. Dzifunse wekha kuti chimakukoka kwambiri nchiyani, thiransifoma ikulira pa polo kapena kabodi kobiriwira ka mkati mwa wailesi.

Pafupi pomwepo pali biomedical, imene ikuphunzitsidwa ku MUBAS ndi ku MUST komwe. Ukalowa m'zipatala zathu zambiri upeza kachipinda kodzaza makina akufa, opangira okosijeni, ofunditsira makanda, ena anangofa fyuzi kapena sefa yatsekeka ndi fumbi. Makina a Pumani othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku America ndi madokotala a ku Queens ku Blantyre, poganizira zipatala ngati zathuzi. Ndi ntchito yogwira mtima kwambiri. Koma olemba ntchito ake ndi ochepa, kwenikweni boma, zipatala za mishoni ndi makampani ogulitsa zipangizo, ndipo uyenera kukhala munthu wopirira fungo la wodi ndi kulira kwa anamalira.

Tsopano za amalume. Sakunama, civil ndi yaikulu ndipo siidzatha. Roads Authority, ma water board, makhonsolo, makontirakitala, onsewa amafuna anthu a civil, ndipo Freddy yekha anasiya milatho ndi misewu yoti timange zaka. Mkati mwa civil mulinso za nyumba ndi milatho, za misewu, ndi za madzi. Za madzizi ndimazikonda ngakhale si zanga. Mipopi ya m'midzi ya kuno imene madzi amayenda okha kuchokera m'phiri popanda pampu inayamba kale, zaka za m'ma 1970 anthu akukumba okha ngalande ndi makasu, ndipo nzeru yomweyo ndi imene a Blantyre Water Board anagwiritsa pa Likhubula, madzi kutsika okha mpaka ku Nguludi, malita pafupifupi 20 miliyoni patsiku, pomwe a ku Walker's Ferry amachita kuwakankha ndi mapampu kukwera mtunda wonse uja kuchokera ku Shire, bilu ya magetsi nkukhala yoopsa. Ukukumbukanso kuti anthu kuno anayamba aikana polojekiti imeneyo, nde injiniya wa madzi ayeneranso kudziwa kukhala pansi ndi mafumu ndi anthu okwiya nkumamvetsera. Koma moyo wa civil uudziwiretu. Walira mvula walira matope. Zaka zoyambirira ndi pa saiti, lero Thekerani, chaka chamawa Chitipa, kugona mu kampu, dzuwa ndi fumbi, kuyeza dothi, kuthira konkire m'timabokosi nkudikira masiku 28 kuti ukaphwanye uone ngati yalimba, kukangana ndi folomani amene akufuna kuba simenti. Kontirakiti ikatha umayambanso kusaka ina. Pali anthu amene moyo umenewu amaukonda kwabasi, sangakhale mu ofesi sabata imodzi. M'funso lako sindinaonemo khoma, mlatho kapena ngalande olo pamodzi.

Za mining anzakowo amva pa wailesi ndipo pali zoona zake. Songwe Hill ku Phalombe pafupi pompa, Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe, Kayelekera ku Karonga, miyala ilipo ndithu. Koma tamvera mbiri ya Kayelekera yomweyo. Mgodi unatsegulidwa 2009, pofika 2014 unaima chifukwa mtengo wa uranium unagwa pa msika wa dziko lonse, ndipo unakhala chiimire zaka zoposa 10 usanayambirenso. Amene anaphunzira za migodi zokhazokha nthawi imeneyo anadikira kapena anatuluka kunja. Bauxite wa pamwamba pa phiri lathu lomweli anadziwika nthawi ya atsamunda, mpaka lero akadali pomwepo. Mgodi umatsegulidwa ndi mtengo wa ku London ndi ku China, iwe ulibe nawo mphamvu. Sindikuti kosiyo ndi yoipa, mwana amene akatola mwala amautembenuzatembenuza nkumafunsa kuti mkatimu muli chiyani alembe mining, geological kapena metallurgy ndi mtima wonse. Koma kulemba chifukwa cha mphekesera ya ndalama ayi. Ndipo chimene anzakowo sakudziwa nchoti mgodi uliwonse umalembanso anthu a electrical ndi mechanical, chifukwa zigayo za miyala, malamba, mapampu, zonsezo zimayenda ndi mota. Wa electrical atha kulowa mu mgodi ukatsegulidwa nkutulukamo ukatsekedwa, wa mining alibe kothawira kwambiri.

Apa ndi pamene pali maganizo anga enieni, ena atsutsa koma ndi zimene ndaona. Dziko lathu mafakitale ndi ochepa, nde munthu amene sanatsimikize bwinobwino ayambe ndi kosi yotambalala, civil, mechanical kapena electrical, kupanikiza pa kanthu kamodzi adzachite pa masters kapena pa ntchito pomwe. Kosi yopapatiza ndi yabwino kwa amene akudziwa kale kuti moyo wake ndi umenewo.

Yangayi, mechanical, ndingoikhudza, poti sunaifunse, koma ikuthandiza kuona mmene ntchito zimalukirana. Tiyi akachoka m'munda amayalidwa m'ma trough kuti afote usiku wonse mafani akuuzira mphepo, kenako amadulidwa ndi makina, amasiyidwa asinthe mtundu kuchoka kobiriwira kufika kofiirira, amalowa mu dryer imene kutentha kwake kumachokera ku boyila yotentha nkhuni za bulugamu, pomaliza amasefedwa m'magiredi. Makilo anayi ndi theka a masamba amatulutsa pafupifupi kilo imodzi ya tiyi wouma. Nyengo ya dzinja, December mpaka April, masamba amabwera ngati madzi osefukira ndipo sadikira munthu, ukachedwa maola ochepa awonongeka, thukuta la othyola mazanamazana lapita pachabe. Usiku wina mu January fani yaikulu ya dryer inaima cha m'ma 1 koloko, ine ndinathamangira ma bearing chifukwa ndi kumene mutu wa mechanical umathamangira, tinamasula, tinayeza, zonse zili bwino, maola awiri apita. Anabwera electrician wathu, mayi wachikulire ndithu, anangotsegula bokosi, kuyeza ma phase atatu aja, mawaya atatu obweretsa magetsi ku mota, nkupeza kuti imodzi yatayika pa contactor, switchi yoyatsira mota, imene inali itapsa. Mphindi 20 fani ikuzungulira. Kuyambira tsiku limenelo makina akaima ndimayamba ndaitana wa magetsi tiyezere limodzi.

Ndiye amene akukuuza kuti zamagetsi ndi za amuna akanabwera usiku umenewo adzaone. Sindikunamiza kuti njira ndi yosalala. M'kalasi mudzakhala atsikana ochepa, pa ntchito padzapezeka bambo wina wokuyesa dala, kukutuma ukatenge chida chimene kulibe kuti anzake aseke, ovolosi ndi majombo adzakupatsa za saizi ya amuna, ndipo ena adzayamba za chibwana zimene uyenera kuzikana poyera tsiku loyamba lomwe ndi kukanena kwa akuluakulu osachita manyazi. Zimenezo zilipo ndipo zimandinyansa. Koma ndaonanso kuti mu wekishopu ulemu umatsatira amene wapeza fault, ukaipeza kawiri katatu nkhani ya chitenje imatha yokha. Atsikana amene adutsa kwa ine ambiri amalemba bwino zimene ayeza ndipo sathamangira kugwira waya asanazimitse, zomwe anyamata ena amaziphunzira atalumidwa kaye. Pomwepa ndikuchenjeze, popeza ukugwiragwira kale: mbali ya batire ya 12V siingakugwedeze koma ikashota imawotcha nyumba, ndipo inveta ikatulutsa 230V imapha chimodzimodzi ngati ya ESCOM. Mawaya a ESCOM usawayandikire nkomwe, ndipo kuwayaring'a nyumba ya munthu kumafuna chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi.

Chemical ya ku MUST ndiidumpha msanga. Ndi ya anthu ofuna kudziwa mmene nzimbe imasandukira shuga ku Nchalo, molasesi kusanduka ethanol ku PressCane, mwala kusanduka simenti, madzi a matope kusanduka akumwa. Yadzaza ndi kuwerengera kutentha ndi kayendedwe ka zinthu m'mapaipi, si kusakaniza mankhwala mu labu kokha ayi. Chemistry 4 ndi credit yabwino koma sunaitchule ngati chinthu chokusangalatsa. Ku Bunda, LUANAR, kuli agricultural ndi irrigation engineering, ndipo ndi ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kutsikira ku Chikwawa ndi Nsanje anthu amenewa azifunika, mapampu a sola a ulimi wothirira ndi pamenenso chidwi chako chingakumane ndi munda. Ku Mzuni kuli kosi ya renewable energy, imeneyo uiyang'anenso bwino chifukwa ndi sola yakoyo yeniyeni.

Fomu ya NCHE, yolemberapo malo ku mayunivesite a boma, ikatuluka, werenga chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere, pamakhala zofunika pa kosi iliyonse, ndipo usadalire zimene mnzako anamva kwa mnzake. Umalemba makosi angapo motsatana, nde ndondomekoyo ndi nkhani yaikulu. Ana ambiri amaganizira yoyamba yokha, zotsalazo nkungodzaza zilizonse pa kafe ya intaneti wa pa kompyuta akuwafulumizitsa, kenako amasankhidwa ku chinthu chimene sanachiganizepo nkulira zaka zinayi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Iwe makosi ako akhale a banja limodzi: electrical and electronics pamwamba, kenako abale ake, telecommunications, energy, renewable energy, biomedical, kuti kulikonse kumene ungagwere ukhale uli pafupi ndi waya. Mpikisano wa uinjiniya ndi wothina, 13 ndi yabwino koma si chitsimikizo, nde uikeponso kosi imodzi imene anthu saithamangira kwambiri koma iwe ungaikonde. Ukasankhidwa lembera ngongole ku Loans Board nthawi yomweyo, amalume apepukidwe. Ndipo digiri si mapeto, ukamaliza umalembetsa ku Malawi Engineering Institution, nkugwira zaka zingapo pansi pa injiniya wolembetsedwa usanayambe kusainira ntchito pawekha.

Amalumewo usalimbane nawo, ndipo usakalembe mobisa. Kwathu kuno mwana wa mlongo ndi wa amalume, munthu amene wakulipirira kuyambira Fomu 1, mwina pogulitsa nanazi kapena podula pa kamalipiro kake, ali ndi ufulu wolankhulapo. Mantha awo si civil kwenikweni, akuopa kuti udzamaliza nkudzakhala pakhomo ndi pepala ngati ana ena amene akuwaona m'mudzimo, ndipo mantha amenewo ndi oona, alipo ma graduate a uinjiniya amene adikira ntchito chaka, zaka ziwiri. Nde pita ndi mayi, mukhale pansi madzulo atadya, uyambe ndi kuthokoza. Uwauze kuti msewu umene akuunenawo, chipatala, sukulu, mgodi, fakitale ya tiyi, palibe chimene chimatsegulidwa wa magetsi asanamalize yake. Uwauzenso chinthu chimene makolo amachimva msanga: wa electrical olo ntchito ichedwe sagona ndi njala, ndi chilolezo chake ndi bokosi la zida atha kuyika masola, kukonza mapampu ndi zigayo kuyambira pa Muloza mpaka Luchenza, pomwe mlatho sungaumange pawekha kuseri kwa nyumba. Ngati akakamirabe, ika civil ya madzi penapake pa fomu, si kugonja kumeneko, ndi ulemu, komanso ndi kosi yoti munthu wokonda phiri ili sangadane nayo.

Koma fomu isanatuluke chita ichi. Tenga kope, uwerengere sola ya panyumba zitatu za m'mudzi mwanu ngati mmene ndachitira pamwambapa, zimene zikulowa ndi zimene zikutuluka, uone ngati ungalosere kuti batire iti iyambe kufa. Kenako pempha aphunzitsi ako a Physics akulembere kakalata, upite nako ku esiteti iliyonse yapafupi upemphe kuyenda ndi a ku engineering olo tsiku limodzi, ambirife sitikana mwana wobwera mwaulemu, nsapato zotseka uvale. Ukapeza ya kabaza ukafikenso ku Bondo, ukaone pamene madzi amapatukira mu ngalande, paipi yotsetsereka ija, tebaini, jenereta, mpaka waya wolowa m'nyumba ya munthu, pamenepo civil, mechanical ndi electrical zonse zili pa mzere umodzi. Ngati pali saiti ya mlatho pafupi imanso pamenepo ola limodzi, kuti amalume usadzawayankhe za chinthu chimene sunachione. Ukabwerako undilembere, undiuze pamene unaima nthawi yaitali mpaka wokuperekeza anachita kukukoka dzanja.